Lord Salisbury ndi banja la a Cecil: mafunso ndi mayankho

Dzina loti Salisbury si lachilendo kwa ife. Agogo athu ambiri anakagwira ntchito mumzinda wa dzinali, ena mpaka kutchona komweko, usanasinthidwe kukhala Harare mu 1982. Koma mwini dzinalo timamudziwa pang'ono, chonsecho ndi amene ankalamula pamene malire a Malawi ndi Mozambique, ndi a Malawi ndi Tanzania, ankalembedwa. Mafunso ali m'munsimu akukhudza munthuyo, makolo ake ndi zidzukulu zake.

Kodi Lord Salisbury anali ndani?

Anali nduna yaikulu ya Britain katatu: 1885 mpaka 1886, 1886 mpaka 1892, ndiponso 1895 mpaka 1902. Zaka zonse pamodzi zimapitirira 13. Anali wa chipani cha Conservative, ndipo nthawi yambiri ankagwirizira yekha unduna woona za maiko akunja, ntchito imene ankaikonda kuposa ina iliyonse. Anabadwa pa 3 Febuluwale 1830 ku Hatfield House m'chigawo cha Hertfordshire, kumpoto kwa London, ndipo anamwalirira m'nyumba yomweyo pa 22 Ogasiti 1903.

N'chifukwa chiyani mabuku amamutchula mayina osiyanasiyana?

Chifukwa mayinawo ankasintha maliro akachitika m'banjamo. Dzina lobadwa nalo linali Robert Arthur Talbot Gascoyne-Cecil. Poti bambo ake anali marquess, iye ankatchedwa Lord Robert Cecil kuyambira ali khanda. Mkulu wake atamwalira mu 1865 anakhala Viscount Cranborne, dzina limene m'banjamo amapatsa mwana amene akudikira kulowa m'malo mwa bambo. Bambo ake atamwalira mu 1868 anakhala Marquess wachitatu wa Salisbury. Munthu ndi mmodzi yemweyo.

Maudindo obadwa nawo ku England ali pasanu. Pamwamba pali duke, kenako marquess, earl, viscount, ndipo pansi pake baron. Mwini udindo ankakhala ndi mpando m'nyumba ya malamulo ya ma Lord popanda kuvoteredwa. Musaganize kuti mzinda wa Salisbury wa ku Wiltshire unali wawo. Dzinalo ndi laulemu chabe; minda ndi nyumba zawo zili ku Hatfield ndi ku Cranborne m'chigawo cha Dorset.

Banja limeneli linayambira kuti?

Silinayambire pamwamba. Makolo awo ankachokera kumalire a England ndi Wales, ndipo anali eni minda wamba. David Cecil anasamukira ku Stamford n'kuyamba kutumikira kunyumba ya mfumu m'nthawi ya Henry VII ndi Henry VIII. Amene anakweza banjali ndi mdzukulu wake, William Cecil, wobadwa mu 1520.

William anali munthu wa mapepala, wodziwa kuwerama mphepo ikamaomba. Anatumikira Edward VI, mfumu yachipulotesitanti, n'kupulumuka ulamuliro wa Mary, mfumukazi yachikatolika imene inawotcha anthu ambiri achipembedzo cha William yemweyo. Elizabeth I atalowa ufumu mu 1558 anamusankha kukhala mlembi wake wamkulu, ndipo anakhala dzanja lake lamanja zaka 40 mpaka imfa yake mu 1598. Mu 1571 anapatsidwa udindo wa Baron Burghley. Ndiye anakankhira kutsogolo chigamulo chopha Mary, mfumukazi ya Scotland, mu 1587, pamene Elizabeth mwini wake ankazengereza.

Anakwatira kawiri, ndipo apa ndi pamene mtengo unapanga mphanda. Mkazi woyamba, Mary Cheke, anabereka Thomas, kholo la nthambi ya Exeter imene nyumba yake ndi Burghley House pafupi ndi Stamford. Wachiwiri, Mildred Cooke, mayi wophunzira kwambiri wodziwa Chigiriki, anabereka Robert. Thomas monga woyamba kubadwa anatenga udindo ndi nyumba, koma nzeru za ndale bambo anaziona mwa wamng'onoyo, ndipo ndi amene anamuphunzitsa ntchito.

Robert Cecil ameneyu anali wamfupi, wopindika msana, ndipo anthu a kunyumba ya mfumu ankamunyoza poyera chifukwa cha thupi lake. Koma ndiye anakonza mwachinsinsi kuti Elizabeth akamwalira wopanda mwana, James wa ku Scotland adzalowe ufumu popanda nkhondo, ndipo zinachitikadi choncho mu 1603. James anamuthokoza pomupatsa udindo wa Earl wa Salisbury mu 1605, chaka chomwe chiwembu chophulitsa nyumba ya malamulo ndi onga chinaululika, iye ali mlembi wamkulu wa boma.

Nanga Hatfield House anaipeza bwanji?

Mosinthana. A Cecil anali ndi nyumba yokongola yotchedwa Theobalds imene James anaisirira, ndipo mfumu ikasirira chinthu chako sukana. Mu 1607 Robert anaipereka, n'kulandira nyumba yakale yachifumu ya ku Hatfield, kumene Elizabeth ankakhala pamene anamva kuti ufumu wamugwera. Anagumula mbali yaikulu n'kugwiritsa ntchito njerwa zake pomanga nyumba yatsopano. Inatha cha mu 1611, koma mwini wake sanaidyerere: anamwalira mu 1612, ali ndi ngongole zambiri.

Kodi onse a m'banjali anali anthu otchuka chonchi?

Ayi ndithu. Robert atamwalira panadutsa zaka zoposa 200 popanda munthu wa msinkhu wake. Earl wachiwiri anakhala mbali ya nyumba ya malamulo pa nkhondo yapachiweniweni yolimbana ndi Charles I. Wachinayi analowa Chikatolika pa nthawi yolakwika, ndipo James II atathawa mu 1688 iye anakatsekeredwa m'ndende ya Tower of London. Lady Gwendolen Cecil, mwana wa nduna yaikuluyo, analemba yekha mosabisa kuti makolo ake a m'zaka zimenezo sanali anthu a nzeru zoonekera.

Chodabwitsa n'chakuti kufooka kumeneku sikunawagwetse. Ndi momwe dongosolo lawo linkagwirira ntchito: malo onse ndi udindo zinkapita kwa mwana wamwamuna mmodzi, osagawana, kotero ngakhale mibadwo ingapo ikhale ya anthu ogona, chumacho chinkadikira mpaka wina wochangamuka atabadwa. Earl wachisanu ndi chiwiri anakwezedwa kukhala Marquess woyamba mu 1789 chifukwa chotumikira George III. Mkazi wake, Emily Mary, ndiye ankamveka kwambiri. Ankapitabe kosaka nyama pa hatchi atakalamba, maso atachita mdima, ndipo mu Novembala 1835 anapsera m'moto umene unayambira kuchipinda kwake n'kuwononga mbali imodzi ya Hatfield House. Mdzukulu wake Robert, amene anadzakhala nduna yaikulu uja, anali ndi zaka 5.

Dzina la Gascoyne linabwera ndi ndalama. Mu 1821 Marquess wamtsogolo wachiwiri anakwatira Frances Mary Gascoyne, mwana yekhayo wolowa chuma cha banja lina lokhala ndi malo ambiri cha ku Liverpool ndi ku Essex, ndipo anaphatikiza dzina la mkaziyo ku lake. Awa ndiwo makolo a nduna yaikuluyo.

Ubwana wake unali wotani?

Wowawa, ngakhale anabadwira m'chuma. Mayi ake anamwalira mu 1839 iye asanakwanitse zaka 10. Anali wodwaladwala, wamanyazi, wokonda mabuku ndi zomera kuposa masewera. Ku sukulu ya Eton anzake ankamuzunza koopsa mpaka bambo ake anamuchotsako ali ndi zaka 15, ndipo akuti ngakhale atakula, ankapewa misewu imene angakumanemo ndi anzake akalewo. Olemba mbiri yake ambiri amati kusakhulupirira kwake chigulu cha anthu kunayambira kumeneko.

Anaphunzira ku Christ Church, Oxford, koma matenda anamudula. Madokotala atamulangiza kusintha mphepo, mu 1851 anakwera sitima ya pamadzi kupita ku Cape, kenako ku Australia, kumene anakaona okumba golide, ndi ku New Zealand. Atabwerako mu 1853 analowa m'nyumba ya malamulo ngati phungu wa Stamford ali ndi zaka 23. Panalibe wopikisana naye. Derali linali m'manja mwa Marquess wa Exeter, mbale wake wa ku nthambi ija ya Thomas, ndipo mbaleyo atagwedeza mutu nkhani inathera pomwepo.

Anakwatira ndani?

Georgina Alderson, mwana wa jaji, mu 1857. Kwa ife mwana wa jaji ndi munthu wapamwamba, koma kwa bambo ake a Robert anali wosauka ndiponso wosayenera dzina la Cecil. Anayesetsa kuletsa ukwatiwo, ndipo utachitika anaumira dzanja. Banja latsopanoli linakhala m'nyumba wamba ku London, Robert n'kumapeza ndalama polemba nkhani za ndale m'magazini a Saturday Review ndi Quarterly Review, kawirikawiri osasayina dzina.

Ine ndimaona kuti zaka zimenezi ndizo zinamupanga. Mwana wa marquess wongodikira cholowa sakanaphunzira kulemba ndi kutsutsana momwe iye anaphunzirira pofuna kudyetsa ana. Georgina anali wansangala, wolankhula mosaopa, ndipo ndiye ankamudzutsa akagwa mphwayi, zimene zinkachitika kawirikawiri. Anamwalira mu 1899, ndipo anthu amene ankamudziwa Salisbury ankati kuyambira pamenepo mphamvu zake zinayamba kutha.

Popeza sanali woyamba kubadwa, udindo unamupeza bwanji?

Anali mwana wamwamuna wachitatu. Wachiwiri anamwalira ali wamng'ono. Woyamba, James, anali wosaona ndipo anamwalira mu 1865 wosakwatira. Akanakhala kuti James anasiya mwana wamwamuna, ngakhale wa tsiku limodzi, Hatfield ndi udindo zikanapita kwa khandalo. Alongo ake sankawerengedwa n'komwe, chifukwa udindo wa Salisbury, monga maudindo ambiri a mtunduwu, umayenda mwa amuna okhaokha.

Pa ndale ankakhulupirira chiyani?

Kuti kusintha kuzichedwetsedwa momwe kungathekere. Sankabisa kuti demokalase sankaikhulupirira; ankati anthu opanda katundu akapatsidwa voti adzagwiritsa ntchito unyinji wawo kulanda za eni katundu. Mu 1867, ali nduna yoona za India, anatula pansi udindo pokwiya ndi lamulo la Benjamin Disraeli, mtsogoleri mnzake m'chipani cha Conservative, lopatsa voti amuna ambiri apantchito a m'matauni. Anamunyoza Disraeli kwa zaka, koma mu 1874 anavomera kulowanso m'boma lake, ndipo mu 1878 anapitira limodzi ku msonkhano wa ku Berlin wokambirana za maiko a ku Balkans.

Zinthu zinamutembenukira mokoma: anthu amene ankawaopawo anamuvotera chipani chake mobwerezabwereza, makamaka atakana kuti Ireland ikhale ndi nyumba ya malamulo yakeyake, nkhani imene inagawanitsa chipani cha Liberal mu 1886. Boma lake ndilo linachotsa fizi m'sukulu zambiri za pulayimale mu 1891. Iye ndiye womaliza kutsogolera boma nthawi yake yonse ali m'nyumba ya ma Lord.

Pakamwa pake panali pakuthwa, ndipo maganizo ake pa mitundu ina anali onyoza. Mu 1886 ananena kuti pali mitundu yosayenera kudzilamulira, n'kutchula anthu a kum'mwera kwa Africa polankhula za Ireland. Mu 1888 ananyoza Dadabhai Naoroji, Mmwenye amene anapikisana nawo pa chisankho ku London, ponena kuti Angerezi sangavotere munthu wakuda. Naoroji anapambana mpando mu 1892.

Kunyumba anali munthu wina. Anali ndi chipinda choyeseramo za sayansi, ndipo Hatfield inali imodzi mwa nyumba zoyamba ku England kukhala ndi magetsi ndi telefoni. Mawaya ake ankathetheka moto kudenga, ana n'kumaponya mapilo kuti azimitse. Atakalamba n'kunenepa, ankayenda pa njinga ya mateyala atatu m'munda mwake, mnyamata akumukankha pa chitunda.

Kodi akukhudzana bwanji ndi Malawi?

Kwambiri. M'zaka za m'ma 1880 Apwitikizi ankafuna dziko lonse kuchokera ku Angola mpaka ku Mozambique, ndipo mapiri a Shire ankawawerengera m'gawo lawo. Koma m'dziko lathu lino munali kale amishoni a ku Scotland, a Livingstonia kuyambira 1875 ndi a Blantyre kuyambira 1876, pamodzi ndi kampani ya African Lakes, ija timaidziwa kuti Mandala.

Kumayambiriro kwa 1889 Salisbury anatuma Harry Johnston ku Lisbon, ndipo Johnston anabwerako ndi pangano limene likanapereka mapiri a Shire kwa Apwitikizi. Mipingo ya ku Scotland inakwiya, abusa ndi akulu ampingo zikwizikwi n'kusayina chikalata chokana. Salisbury, amene ankafunanso mavoti a ku Scotland, anakana panganolo. Likanadutsa, Blantyre, Zomba ndi Mulanje bwenzi lero akuphunzira Chipwitikizi kusukulu.

Chaka chomwecho msilikali wachipwitikizi Serpa Pinto anakwera ndi gulu la nkhondo m'chigwa cha Shire n'kumenyana ndi Amakololo. John Buchanan, amene ankagwirizira udindo wa kazembe wa Britain, analengeza kuti derali lili pansi pa chitetezo cha Britain. Pa 11 Januwale 1890 Salisbury anatumiza chenjezo lomaliza ku Lisbon: chotsani asilikali anu ku Shire ndi ku Mashonaland (m'Zimbabwe ya lero), apo ayi ubale watha. Portugal inalibe mphamvu zolimbana ndi sitima zankhondo za Britain, ndipo inagonja. Boma la kumeneko linagwa, anthu anachita zionetsero m'misewu, ndipo nyimbo imene lero ndi ya fuko lawo inapekedwa chaka chomwecho ndi mkwiyo umenewu.

Pangano lomaliza linasayinidwa mu Juni 1891. Britain inatenga mapiri a Manica kuti akhale a kampani ya Cecil Rhodes yotchedwa British South Africa, Portugal n'kupatsidwa malo okulirapo kumpoto kwa Zambezi. N'chifukwa chake Mozambique imakumbatira Malawi kum'mwera mbali zonse ziwiri, ndipo anthu a ku Angónia ndi a ku Dedza kapena Ntcheu, olankhula chinenero chimodzi ndi okwatirana, ali m'maiko awiri, ena msewu wokha ukuwalekanitsa. Mu Meyi 1891 dziko lathu linalengezedwa kuti lili pansi pa Britain, Johnston n'kukhala mkulu woyamba wa boma la atsamunda ku Zomba. Boma la Salisbury silinafune kuwonongapo ndalama zambiri, moti zaka zoyambazo kampani ya Rhodes ndiyo inkapereka mapaundi 10,000 pachaka oyendetsera boma.

Nanga mkangano wa nyanja ndi Tanzania ukumukhudza?

Inde. Pa 1 Julayi 1890 boma lake linagwirizana ndi Germany: Britain inapereka kachilumba ka Heligoland ku nyanja ya kumpoto kwa Ulaya, Ajeremani n'kuvomera kuti Zanzibar ikhale m'manja mwa Britain. M'pangano lomwelo analemba kuti malire a dera la Ajeremani atsate gombe la nyanja yathu mpaka pa mathiriro a mtsinje wa Songwe. Malawi imaima pa mawu amenewa ponena kuti madzi a kumpoto kwa nyanja ndi ake mpaka kugombe la tsidya. Tanzania imati malire ayenera kudutsa pakati pa madzi. Nkhaniyi inabukanso mwamphamvu mu 2012, Malawi itapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanjayo.

Anafikapo kuno?

Ayi. Ku Africa kuno anangoponda ku Cape ali mnyamata. Nyanja ya Malawi, Shire ndi Zambezi ankazidziwa pa mapu. Iye mwini anachita nthabwala pa phwando lina ku London mu 1890, kuti akhala akugawana mapiri, mitsinje ndi nyanja, vuto laling'ono lokha linali lakuti sankadziwa bwinobwino pamene zinthuzo zili. Omvera anaseka. Palibe mfumu ya Achewa, Ayao, Angoni kapena Amang'anja imene inakhala nawo pa zokambirana za ku Lisbon, Berlin ndi London.

Mzinda uja unatchedwa dzina lake mu Sepitembala 1890, gulu la azungu la kampani ya British South Africa litafika ku Mashonaland n'kumanga linga limene analitcha Fort Salisbury, pothokoza nduna yaikulu imene boma lake linapatsa kampaniyo chilolezo mu 1889.

Kodi Cecil Rhodes anali mbale wake?

Ayi. Kwa Rhodes, Cecil linali dzina loyamba. Bambo ake anali mbusa wa mpingo wa Anglican ku Bishop's Stortford.

Ana ake anachita zotani?

Anabereka ana 8, amuna 5 ndi akazi 3, koma wamkazi mmodzi anamwalira ali khanda. Anawalera mosiyana ndi momwe iye analeredwera: ankaloledwa kutsutsana ndi bambo awo pa tebulo pa nkhani za ndale ndi za chipembedzo. James analowa udindo n'kukhala nduna m'maboma angapo. William anakhala bishopu wa Exeter, ndipo ana ake aamuna atatu anafera pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Robert anali mmodzi mwa amisiri a League of Nations, bungwe la maiko limene linalipo United Nations isanakhazikitsidwe, ndipo analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 1937. Edward anali msilikali, anatsekerezedwa nawo ku Mafeking pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu, nkhondo imene inayamba mu 1899 bambo ake akulamula, ndipo pambuyo pake anagwira ntchito za chuma m'boma la Egypt. Hugh anali phungu kwa zaka zambiri. Maud anakwatiwa ndi Earl wa Selborne, amene anaimira Britain ku South Africa kuyambira 1905 mpaka 1910. Gwendolen sanakwatiwe; anali mlembi wa bambo ake, ndipo analemba mbiri yawo m'mabuku anayi.

N'zoona kuti ankakondera abale ake pa maudindo?

N'zoona, ndipo anthu ankanena poyera. Boma limene anapanga mu 1900 linadzaza ndi achibale, mwana wake, mpongozi wake ndi ana a mlongo wake, mpaka otsutsa analipatsa dzina la hotela ina yaikulu ya mu London yotchedwa Hotel Cecil. Atatula pansi udindo mu Julayi 1902, amene analowa m'malo mwake ndi Arthur Balfour, mwana wa mlongo wake Blanche. Mchewa akamva zimenezi sangadabwe, poti kwathu mpando wa malume umagwera mwana wa mlongo. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mwambo wawo sunkatero: udindo wa marquess unapita kwa mwana wake James, ndipo unduna waukulu sunayenere kukhala cholowa cha munthu. Kunena chilungamo, Balfour anali atatsogolera chipanicho m'nyumba ya aphungu kwa zaka zoposa 10, koma khomo loyamba anamutsegulira ndi malume ake. Ndi Balfour yemweyu amene mu 1917 anasayina kalata yolonjeza Ayuda malo ku Palestine.

Zidzukulu zake zinapitiriza kukhudzana ndi dera lathu lino?

Zinapitiriza. Marquess wachisanu, mdzukulu wake, anali mmodzi mwa akuluakulu a chipani cha Conservative pambuyo pa nkhondo yachiwiri, ndipo anaima nji kumbali ya azungu a ku Rhodesia. Iain Macleod, nduna yoona za atsamunda imene inatulutsa Dr Hastings Kamuzu Banda m'ndende ya Gwelo mu Epulo 1960, anali mdani wake pa nkhani imeneyi. Mu 1961 marquess ameneyu anamuukira m'nyumba ya ma Lord, kumunena kuti ndi wochenjeretsa ndipo akugulitsa azungu a ku Africa, mawu amene anamumatirira Macleod moyo wake wonse. Anakhalanso mtsogoleri woyamba waulemu wa Monday Club, gulu la m'chipanimo lokana kupereka ufulu msanga ku maiko a mu Africa. Mdzukulu wa ameneyu, Lord Richard Cecil, anaphedwa mu 1978 ku Rhodesia akujambula nkhondo ya kumeneko ali ndi asilikali a boma la Ian Smith.

Lero banjali lilipo?

Lilipo, ndipo likadali ku Hatfield House, zaka zoposa 400 chimangire nyumbayo. Mbali ina amatsegulira alendo olipira miyezi ina ya chaka, ndipo opanga mafilimu amaibwereka kawirikawiri. Makalata a William ndi Robert Cecil a m'nthawi ya Elizabeth, komanso a nduna yaikuluyo, amasungidwa momwemo. Manda ake ali pa tchalitchi cha St Etheldreda pafupi ndi nyumbayo, pambali pa a mkazi wake.

Marquess wachisanu ndi chiwiri, wobadwa mu 1946, anatsogolera nyumba ya ma Lord kuyambira 1994 mpaka 1997, akutchedwabe Viscount Cranborne. Boma la Tony Blair litafuna kuchotsa onse okhala m'nyumbayo chifukwa chobadwa, iye anakakambirana nalo mseri, mtsogoleri wa chipani chake William Hague asanavomereze, kuti ena atsale. Hague anamuchotsa pa udindo mu Disembala 1998, koma pangano lakelo linagwira: lamulo la 1999 linachotsa mazanamazana n'kusiya mipando 92. Mu 2024 boma la Labour linabweretsa bilu yochotsa otsalawo.